Mowa Wosudzulira Atate

Amayi anamwalira nthawi ya dowe, zaka zingapo itadutsa njala ya fote naini. Ine ndinali namwali kale koma wosakwatiwa. Pambuyo panga panali mng'ono wanga, mtsikana wapakamwa amene sankagona ndi mawu m'mimba, ndi mlongo wathu wamng'ono amene anali atangosiya bere. Mudzi wathu unali cha kumpoto kwa Namitete, ndipo unali wa amayi ndi abale awo. Atate anali mkamwini. Anachokera ku Nambuma akali mnyamata, anamanga nyumba pamene anawalozera, analima pamene anawalozera, ndipo anakhala choncho mpaka imvi zinayamba kuoneka m'ndevu zawo.

Kwathu mkazi akamwalira, mwamuna wake sanyamuka pomwepo. Amadikira mowa wa bona, umene amafulula chimanga chikalowa m'nkhokwe. Pa mowa umenewo achibale amameta kachiwiri, amaperekeza mzimu wa malemu kuti ukakhale ndi anzake, ndipo mkamwini amamusudzula. Amamuuza pamaso pa anthu kuti zake pamudzi pano zatha, abwerere kwawo. Ana satenga. Ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini wake ndi atsibweni, mlongo wa amayi awo. Palibe amene anandikhazika pansi n'kundiuza zimenezi. Ndinkangozidziwa, monga ndinkadziwira njira ya kudambo. Tsiku limene mowa wa amayi udzamwedwe, atate adzapita.

Chaka choyamba mowawo sunafululidwe. Amayi anadwala nthawi yopalira, atate n'kumakhala nawo pakhomo, munda n'kulowa thengo. Zimene tinakolola sizikanatifikitsa ngakhale pa mvula yoyamba, ndipo atsibweni anati tidikire chaka chamawa. Dzinja lotsatiralo atate analima ngati munthu wothamangitsidwa. Ankapita kumunda nkhuku zisanatsike, n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo Lamulungu, anzawo akamacheza pamthunzi, iwo ankakhala ali kudimba. Nkhokwe inadzaza, anamanga ina, nayonso inadzaza. Atsibweni anabwera, anazungulira nkhokwe zonse ziwiri manja ali kumbuyo, nati chaka chino mlongo wawo agona bwino. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi ndimapukusa mutu. Pamudzi pathu panali akamwini odziwa mthunzi uliwonse wa m'munda. Atate akanatengerako pang'ono ulesi wawo, bwenzi titakhala nawo chaka china.

Kuzizira kukatha, midzi yonse ya kwathu inkanunkha chimera. Fodya amakhala atagulitsa, mtedza atakumba, ntchito yotsala n'kufolera nyumba basi, ndipo imeneyo imatha kudikira. Ng'oma zinkalira lero kuno, mawa uko. Unalipo mowa wa bona, wa chinamwali, wothokoza amene anathandiza kututa, ndi wina wopanda chifukwa china koma chakuti chimanga chilipo. Amuna ena ankachoka pakhomo Lachiwiri n'kudzaoneka Loweruka, atatsata mowa mudzi ndi mudzi mpaka ku Nsaru, ndipo akafika ankafunsa akazi awo za moyo wa ana ngati achokera ku Halale. Amayi anali mmodzi wa akazi amene mowa wawo unkayendetsa anthu mitunda yotere. Ine ndinakulira mu utsi wa nkhali zawo, ndipo nyengo imeneyi ndinkaikonda kuposa ina iliyonse. Chaka chimenecho ng'oma ndinkazimva ndithu, koma sizinkandifika m'thupi.

Woyang'anira mowawo anali amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, mzimayi wamtali, wouma thupi, wokonda fodya wa pamphuno, amene sanawaitanepo atate mwa njira ina koma "a ku Nambuma". Anandiitanira kuseri kwa khola nandiuza kuti chimera ndidzathira ndine. Mowa wa maliro umafuna manja ozizira. Kuyambira tsiku loyatsa moto mpaka tsiku lomwa, mabanja onse a pamudzi amagona padera, mwamuna mphasa yake, mkazi yake, chifukwa wina akaphonya mowa umasasa. Amayi aakulu anati iwo sangakhulupirire mkazi amene mwamuna wake wangomugulira nsalu yatsopano pobwera kumsika wa fodya, ndipo pamudzi pathu chaka chimenecho nsalu zatsopano zinali mbwee. Iwo eni muyeso wa amayi sanauphunzire. Anandifunsa za mwezi wanga, anawerengera ndi zala, nati zili bwino. Ine ndinangoti chabwino.

Chimanga chochitira chimera anatapa okha atate m'nkhokwe. Ankasankha chachikuluchikulu, chopanda anankafumbwe, ngati akusankha mbewu. Tinatonola mpaka zala zinatupa, tinachiviika m'mitsuko, kenako tinachiyala m'nyumba ya amayi aakulu n'kuchifunditsa masamba a nthochi. M'mawa uliwonse ndinkachiwaza madzi n'kupisa dzanja pansi pa masamba kuti ndimve kufunda kwake. Chinamera bwino kwambiri, timizu toyera tolukanalukana, moti pochotsa tinkachita kung'amba. Titachiyanika padzuwa, mlongo wanga anapatsidwa kamtengo kuti aziingitsa nkhuku, koma iye ndiye anadya chambiri kuposa nkhukuzo, poti chimera chimatsekemera. Posinja anabwera akazi a pamudzi ponse. Ankaimba nyimbo za pamtondo, zija zonyoza amuna, koma atate akamadutsa ndi mtolo wa nkhuni nyimbo inkaduka, n'kungotsala minsi yokha kulira.

Nkhuni ndiyo inali ntchito ya atate. Mwamuna wa malemu sayandikira nkhali, choncho atate anatenga nkhwangwa n'kudula nkhuni zoti mudzi wonse ukanafululira mowa mpaka dzinja. Anthu ankawauza kuti zakwana, iwo n'kuvomera, m'mawa n'kupitanso. Akatopa ndi nkhuni ankakwera padenga la amayi aakulu kukafolera, popanda wowatuma, poti m'nyumba imeneyo ndimo tinkayenera kudzagona ife iwo akapita. Amayi aakulu ankaima pansi n'kumawauza kuti udzu akuuyala mopyapyala. Kulikonse kumene atate ankapita, mlongo wanga anali pambuyo pawo. Chimwalirire amayi, mwanayo ankagona m'bulangeti la atate, kudya m'mbale ya atate, ndipo akamukaniza ankalira mpaka mawu kutha. Akazi ankati akumuzoloweza zoipa, adzavuta. Atate ankamva, koma madzulo n'kumunyamulanso paphewa.

Tsiku lina tili kudambo kotunga madzi, mng'ono wanga anatsitsa mtsuko nandiyang'ana. Anali atamva kwa akazi pamtondo kuti kumudzi wina cha ku Msundwe mowa wa bona unasasa, ndipo mwambo wonse unalephereka. Iye anali atawerengera kale zonse. Chimera chathu chikaonongeka, pofika poti tichite china mvula idzakhala itagwa, anthu ali kumunda, ndipo atate adzalima nafe chaka china. Njira yakenso ankaidziwa, poti nayenso anali mwana wa amayi. Chimera ukachithira phala likali lotentha chimapsa, ndipo mowa suwira monga uyenera.

"Akulu, wothira ndinu," anatero. "Adzadziwa ndani?"

Sindinakondwe, sindinaope. Ndinasenza mtsuko wanga, koma njira yonse mutu wanga unkawerengera zomwezo, ndipo zinkatuluka monga iye ananenera.

M'mawa mwake ndinawatengera atate madzi akumwa kumene ankawaza nkhuni, kumapeto kwa munda. Mlongo wanga anali chapafupi, akumanga khola la ng'ombe ndi tizidutswa ta nkhuni. Ndinagwada chapatali monga mwa masiku onse. Atamwa sindinanyamuke, ndipo anaona kuti ndili ndi mawu. Ine ndi atate sitinkacheza. Mwana wamkazi akakula, zokamba ndi atate ake zimakhala za madzi osamba ndi za mbuzi zalowa m'munda.

"Atate, akuti mowa ukasasa, bona sachita."

Anayang'ana nkhwangwa yawo nthawi yaitali, akuyesa kuthwa kwake ndi chala. Sanandifunse amene wandiuza.

"Ukasasa, mayi, sadzafunsa amene anathira chimera. Adzati ine ndinayenda ndi mkazi amayi ako tisanawaperekeze."

Kenako, maso ali pankhwangwa pomwepo, anandiuza mbali ya nkhani ya ku Msundwe imene mng'ono wanga sanaimve. Mowa utasasa, abale a mkazi anamukhazika pabwalo mkamwini uja. Anati ngati walephera kudzisunga pamaliro, ndiye kuti ndi mayendedwe ake omwewo amene anamudwalitsa mdulo mkazi wake mpaka kufa. Anamulanda mbuzi, anamupitikitsa tsiku lomwelo, ndipo mwambo anadzachita okha iye kulibe. Ana ake akukula akudziwa kuti atate awo ndiwo anapha amayi awo, ndipo munthuyo sangapondenso pamudzi paja ngakhale pa maliro a mwana wake.

"Ine kupita ndipita ndithu," anatero atate. "Koma ndichoke anthu akuona, kuti tsiku lina ndidzathe kubwera kudzakuonani. Ufulule bwino."

Anatola nkhwangwa napitiriza kuwaza. Ndikuganiza kuti anachita manyazi kwambiri kukamba zotere ndi mwana wawo wamkazi, chifukwa tsiku lonselo sanandiyang'anenso.

Mng'ono wanga nditamuuza, anati ndikunama, kenako anati atate ndi amantha, kenako anati ine mtima wanga ndi mwala. Pa chachitatucho sanalakwe. Chimwalirire amayi ndinali ndisanalire bwinobwino. Pamaliro ndinkatsegula pakamwa pamodzi ndi anzanga, poti namwali wosalira amayi ake amamunena, koma m'kati munalibe kanthu. Ndinkadya osamva kukoma, ndinkagona osalota. Manja okha ndiwo ankadziwa chochita, ndipo ine ndinkangowatsatira.

Tsiku loyatsa moto atsibweni anayenda khomo ndi khomo kukumbutsa mabanja. Moto anayatsa amayi aakulu, pa mafuwa atsopano amene tinandandalika kuseri kwa nyumba yawo. Nkhali zinali zambiri, zathu ndi zobwereka. Tinaphika phala lamadzimadzi, tikutakasa ndi mithiko yaitali ngati ine ndemwe, utsi ukutilowa m'maso. Akazi ankalandirana mithiko ndi nthabwala zomwe. Amene anavutika kwambiri anali mtsikana wina wongokwatiwa kumene, chifukwa mwamuna wake ankangodutsadutsa pafupi ngati wataya kanthu, ndipo akazi ankamuuza kuti usiku atseke chitseko ndi mtondo. Anaseka mpaka misozi, ya nthabwala ndi ya utsi. Dzuwa litapendeka tinasolola nkhuni pansi pa nkhali, ndipo akazi anabalalika kukaphikira ana. Amayi aakulu nawo anapita kukakalipira wina amene mbuzi zake zinayandikira malichero.

Ndinatsala ndekha ndi nkhali zofuka nthunzi, chimera chili m'malichero pambali panga. Mng'ono wanga anaima pafupi ndi nkhokwe. Anangondiyang'ana, n'kuyang'ana malichero. Ine ndinakhala pa mtondo wogoneka, manja ali pamaondo, n'kudikira. Nthawi ndi nthawi ndinkanyamuka kukapisa chala m'phala monga ankachitira amayi, amene ankati likafika poti ungamwetse khanda osauzira, ndiye lakonzeka. Nthunzi inachepa, kenako inatha. Pamene ndinkayamba kuthira, dzanja lamanja likuwaza chimera, lamanzere likutakasa, mng'ono wanga anali atachokapo kale.

Masiku otsatira anali a kuwiritsanso, kuziziritsa, kuthiranso chimera. Tsiku la thobwa ana a pamudzi ponse anabwera ndi tizikho tawo, ndipo mlongo wanga anamwa mpaka mimba inachita kunyezimira. Kenako kunatsala kudikira. Apa ndiye panali poopsa, chifukwa mowa umatha kusasa wokha popanda wina kuufunira zoipa. Ndafulula mowa moyo wanga wonse, ndipo ndikudziwa kuti nkhali yosatsuka bwino kapena kutentha kwa dzuwa zimakwana kuuononga. Koma pabwalo palibe amene akanazenga mlandu nkhali. Atate ankadutsa chapatali m'mawa uliwonse, osafunsa, kungoyenda pang'onopang'ono kuti aone nkhope ya amayi aakulu.

M'mawa wina, tikuvundukula, nkhali imodzi yobwereka inatulutsa fungo lachilendo. Zinzake zinkawira bwino, thovu likuphulika timaso ting'onoting'ono, koma iyi inali zii, ndipo fungo lake linkalasa m'mphuno. Amayi aakulu anatunga pang'ono ndi chipanda, analawa, nalavula. Tinali awiri okha. Anayang'ana kumene kunkamveka nkhwangwa ya atate, ndipo ine ndinaganiza kuti basi, zatha. Amayi aakuluwa anakhala zaka zonse akunena kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo tsopano umboni unali m'kamwa mwawo. Anapita pamtondo, anatenga munsi, naigogoda nkhaliyo cha pansi. Inang'aluka, mowa wonse n'kutayikira m'phulusa.

"Nkhali ya eni yang'aluka ndi moto," anatero, osandiyang'ana. "Tenga khasu ukwirire, nkhumba zingaledzere."

Ndinakwirira. Mwini nkhaliyo anadandaula mwezi wathunthu, ndipo amayi aakulu anamuuza kuti akamadzaumbanso azisankha dothi. Nkhaniyi sitinaikambenso, ine ndi iwo, mpaka anamwalira. Atate sanaidziwe. Mawa lake tinakuntha mowa wotsalawo tsiku lonse, kuufinya m'khuntho, masese kumbali, mpaka mitsuko inadzaza khonde lonse.

Tsiku lomwa anthu anayamba kufika dzuwa lisanatenthe. Anachokera ku Msundwe, ku Namitete, ndipo ena sitinkawadziwa n'komwe. Kuchokera ku Nambuma kunabwera amuna awiri, akulu awo a atate ndi ankhoswe awo, fumbi lili mpaka m'maondo. Mowa woyamba atsibweni anakathira patsinde pa mtengo pamene tinkathira nsembe, akutchula amayi ndi amayi awo, kuwauza kuti nawu mowa wanu, gonani, ana musawavute. Kenako tinameta. Lumo linali litabuntha pofika pa ine, ndipo linandicheka kuseri kwa khutu, koma ndinadziwa magazi atafika kale pakhosi. Atate anametedwa pomalizira. Opanda tsitsi, mutu wawo unaoneka waung'ono.

Masana zilombo za gule wamkulu zinatuluka kudambwe, ng'oma zinalira, fumbi linakwera mpaka pamwamba pa mitengo. Akazi ankaimba ndi kuthawa, ana ankasuzumira kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinali pa mitsuko, kutunga ndi kupereka. Mowa unali wabwino. Sindikudzitama, unali wabwino kuposa wina uliwonse umene ndinadzafulula pambuyo pake. Anthu ankamwa n'kutsinzina. Nkhalamba ina ya ku Msundwe inandigwira dzanja, ikulira misozi ya mowa, niti dzanja la amayi silinapite kumanda. Akazi ankandilulutira, ena ankandinong'oneza za ana awo aamuna, kuti ndi olimbikira kumunda. Pofika madzulo amuna awiri anali atamenyana kale chifukwa cha malire a munda, chizindikiro chakuti mowa wagwira. Aliyense anati malemu alandira, palibe chowadandaulitsa. Ine ndinkangomva kuwawa kwa msana.

Dzuwa lisanalowe atsibweni anaimitsa ng'oma. Atate anawakhazika pamphasa pakati pa bwalo, abale awo aja wina mbali iyi, wina mbali iyo. Atsibweni analankhula bwino, zimenezo sindingawamane. Anati munthu uyu anabwera ali mnyamata, sanatukwanepo apongozi, sanamenyepo mkazi, wadwazika, waika maliro, wadikira, ndipo mowa wamuchitira umboni. Anati mudzi ulibe naye mlandu.

"Alamu, takumasulani. Pitani mukapeze wokuphikirani. Mukafuna kuona ana, njira ndi yomweyi."

Anthu anaomba m'manja. Anawapatsa chipanda, mowa wawo woyamba chimwalirire amayi. Atate analandira ndi manja awiri, anamwa pang'ono, napatsira akulu awo. Sananene ngati wakoma. Ng'oma zinayambiranso.

Kudzationa anadzabweradi, kangapo ndithu m'zaka zotsatira. Ankafikira pakhonde pa atsibweni, kuwayalira mphasa ya alendo, ife kubwera kudzagwada n'kuwapatsa moni mmodzimmodzi. Kenako anakwatira kwina, kunabadwa ana ena, miyendo nayo inakalamba. Sindiwaimba mlandu. Koma zimenezo n'za m'tsogolo.

M'mawa mwake, mowa utamwedwa, atate anandiitana kukhomo. Katundu wawo anali atamanga kale: khasu, nkhwangwa, bulangeti, ndi jekete limene ankavala popita kumsika wa fodya. Nkhokwe zonse ziwiri zinali zathu, mbuzi zathu. Mng'ono wanga anakana kutuluka m'nyumba ya amayi aakulu. Atate anandiuza kuti mwendo umodzi wa nkhokwe yakale wadyedwa ndi chiswe, ndiwauze atsibweni mvula isanagwe. Anandiuza kuti mbuzi yamawangamawanga ili ndi bere. Anandiuza kuti mlongo wanga akagona osafunda pachifuwa amatsokomola, ndipo akadzidzimuka kutulo safuna kumulankhula, amangofuna dzanja pamsana. Ine ndinkangoti inde, atate. Pomaliza anandipempha kuti ndimutenge mwanayo ndipite naye kudambo kukatsuka nkhali, ndipo tisafulumire kubwera.

Ndinamuuza mlongo wanga kuti kudambo kuli nkhanu, ndipo anathamanga patsogolo. Akazi awiri anandithandiza kusenza nkhali n'kubwerera. Ndinazitsuka imodziimodzi ndi mchenga ndi udzu, mutu uli m'kati, mpaka zinasiya kununkha mowa. Zina ndinazitsuka kawiri. Mwanayo nkhanu sanazipeze, koma anapeza achule, ndipo zinamukwana.

Tinabwerera dzuwa lili pamutu. Tisanafike ndinamva amuna akuseka ndi mitengo ikuthyoka. Nyumba ya munthu womwalira sikhala chiimire mwambo wa bona ukatha, ndipo amuna a pamudzi anali ataiyamba kale yathu. Denga linali pansi. Pamthunzi anali ndi mtsuko wa mowa wotsala, ndipo ankalandirana, wina kukankha khoma, wina kumwa. M'kati munkaoneka poyera, mafuwa a amayi, ndi pamene pankakhala mphasa ya atate, dothi lake losalala kuposa pena paliponse.

Mlongo wanga anaima n'kumayang'ana, chule ali m'manja. Sanalire. Anafunsa kuti nanga atate agona kuti lero.

"Kwawo," ndinatero.

"Kwawo n'kuti?"

Ndinatula nkhali. Ndinaloza cha kumpoto, kupyola mitengo ya kumanda, chifukwa ndiko kumene anthu ankaloza akamanena za Nambuma. Ine ndinali ndisanapiteko.